Majombo a mumgodi, mapazi a mu ofesi

Mayi a kunyumba mpaka lero amadziwa mtengo wabodza wa majombo anga. Ndinawauza theka. Ndalama yeniyeniyo ikanagula thumba la fetereza, ndipo chaka chimenecho kumudzi ankandiimbira foni sabata iliyonse kufunsa za feterezayo.

Matenda okonda majombowa ndinawatengera pa foni. Usiku ndinkangopenyerera zithunzi za anyamata andevu a ku London ndi ku Tokyo, jinzi atapinda m'miyendo, kumapazi kuli majombo achikopa ofiirira ooneka ngati aona zambiri. Mbiri yake ndinailoweza ngati ya mayeso. Kampani ya Red Wing inayamba mu 1905 ku Minnesota. Jombo yawo ya Iron Ranger anaitcha dzinali pokumbukira anthu okumba miyala ya chitsulo ku Mesabi, n'chifukwa chake kuzala kuli zikopa ziwiri zosanjikiza. Jombo ina yotchuka ya Dr. Martens inatuluka pa 1 Epulo 1960, ndipo oyamba kuivala ku England anali a positi ndi a m'mafakitale. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za eni. Cholemera kwambiri chimene chinandigwerapo paphazi ndi failo.

Loweruka lina ndinalawirira ku kaunjika, belo akungolitsegula. Venda anandiona maso asanaone thumba langa. "Bwana, awa akhala akudikira inu." Dzina la kampani linali litafufutika kalekale, koma kutsogolo kunali chikopa chosanjikiza chija, ndipo mtima unagunda. Ankandithina. Ndinadziuza kuti chikopa chimamva, chidzamasuka.

Umenewo unali mwezi wa Okutobala, ku Lilongwe, phula likuchita kunyezimira ndi dzuwa. Nsapato zosokedwa poganizira chisanu cha ku Minnesota ndinazilowetsa mu minibasi ya anthu anayi pampando. Pofika Lachitatu zidendene zonse zinali matuza, ndikuyenda ngati ndaponda minga. Akatswiri a pa intaneti amati upirire, jombo izolowere phazi. Kwa ine lomwe linkaphunzitsidwa mwambo linali phazi. Mlonda wa kuntchito anandiyang'ana kumapazi, nadziyang'ananso yekha, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Bwana, kodi mwalowa gulu lathu?" Ake anapatsidwa ulere.

Kunyumba nako sikunali mtendere. Kumasula zingwe pakhomo kunkatenga nthawi yoti nsima n'kuzizira, ndipo ndikavula, ana ankapeza chochita panja. Wosoka nsapato wa pansi pa mtengo wa mango ndinamuphunzitsa kuti mtundu umenewu pansi pake amachita kusoka, sangomata ndi guluu, choncho pakatha amaikapo pena. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandionetsa tayala lakale limene amadulako zoika pansi pa nsapato za wina aliyense.

Chamanyazi kwambiri chinabwera ndi mvula. Msewu wa kwathu ukanyowa umasanduka phala. Tsono ine, mwini majombo a anthu a mumgodi, ndinkawakulunga mu jumbo, kuwapanira m'khwapa, n'kudutsa m'matopemo ndi patapata. Ndikafika pa siteji ndinkatsuka mapazi ndi madzi a m'botolo, n'kuvala. Mayi a kunyumba ankaima pakhonde kundiperekeza ndi maso. Tsiku lina anangoti, "Bambo a Tadala, mwana wanuyo bwanji osangomubereka kumbuyo? Chitenje chilipo."

Mu Disembala kunabwera amalume kuchokera ku Dedza. Iwowa ndi a m'gulu lija linapita ku Joni pa Wenela ali anyamata, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown. Za pansi pa nthaka sakamba kawirikawiri. Amangoti kumeneko kunkatentha moti thukuta unkachita kulikhuthula m'jombo. Atawaona anga pakhomo anatola imodzi, anaitembenuza, anadina kuzala ndi chala chachikulu.

"Chitsulo mulibe umu," anatero. "Mphwanga, wayamba ntchito yanji?"

Ndinayamba kufotokoza za Mesabi, za 1905, za anyamata a ku Tokyo. Ndili pakati, ndinadzimva ndekha mmene ndikumvekera, mawu n'kuyamba kuchepa. Amalume anangogwedeza mutu ngati mmene amachitira akamva za matenda a munthu.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito ndi nsapato wamba, poti matuza anali atayambiranso. Pobwera madzulo, pakhomo palibe majombo. Ndinawapeza kuseri, m'kamunda kathu ka chimanga, ali kumapazi a amalume. Anali atapalira mizere yonse, atakumba ngalande yopatutsa madzi, atasuntha ndi njerwa zimene ndinkalonjeza kusuntha chiyambire Juni. Dothi lofiira linali litafika mpaka m'zingwe, ndipo kuzala kwa yakumanja khasu linali litalembapo mzere. Anawakwana bwinobwino. "Si oipa ayi," anatero akupukuta nkhope. "Anangosowa wowayendetsa." Mayi a kunyumba analowa kukhitchini msangamsanga, koma mapewa awo ndinawaona.

Usiku ndinawatsuka mwakachetechete, ndi mtima wa pamaliro. Atauma, ndinadabwa. Chikopa chinali chitafewa, chitapindika m'malo oyenera, mtundu utadera apa ndi apo. Anali atafanana ndendende ndi a pazithunzi zija.

Lolemba, mnyamata wina wa ku ofesi amene amazitsata za mavalidwe anandiimitsa pa masitepe, n'kugwada kuti aone bwino. Anasisita mzere wa khasu uja ndi chala, nafunsa kuti ndawavala zaka zingati kuti afike pamenepa.

Ndinayang'ana kutali, ngati munthu wokumbukira zowawa. "Aa, ndi ntchito, achimwene," ndinatero.