Bizinesi ya agalu olusa yandisandutsa mlonda

Amene anaika Mtandire pafupi ndi Area 47 ankafuna kuti ife tizidziwa bwino zimene tikusowa. Masana timaona mipanda yawo ya njerwa, waya wamagetsi ali pamwamba. Usiku timamva agalu awo. Galu wa ku 47 akauwa, mawu amachokera pansi pa mimba, malata athu kuno mpaka kunjenjemera. Athu akunowa amauwa mopepesa, kwinaku akuyang'ana kothawira.

Poti ndine munthu woganiza kwambiri, makamaka pakati pa mwezi, ndinaona kuti pa mantha a anthu pali ndalama. Aliyense amene wagula TV yapakhoma ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Area 25 akufuna galu, ndipo sakufuna galu wamba. Akufuna chigalu chamutu waukulu, choti mlendo akachiona aiwale chimene wabwerera. Mlonda amafuna malipiro, amadwala, amapempha tchuthi cha maliro kwawo ku Dowa. Galu sapita kumaliro.

Alamu anga amasamalira maluwa kunyumba ina ku 47 komweko, ndipo ndi iwo anandipezera kagalu kakakazi. "Alamu, aka ndi haibulidi weniweni," anatero. "Mayi ake ndi German Shepherd, bambo ake Rottweiler, agogo ake ena anali Boerboel wa ku Joni." Mpamba unachokera ku banki m'khonde ya mayi akunyumba, amene popereka ndalamazo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Chisomo, ngongoleyi ili m'dzina langa. Zikakanika, kukayankha kwa amayi a gulu mukapita ndinu, ndipo chitenje ndikubwerekani."

Munthu wabizinesi amafufuza katundu wake, choncho ndinabwereka foni ya mwana. German Shepherd, mtundu umene mkulu wina wa asilikali dzina lake Max von Stephanitz anaukhazikitsa ku Germany mu 1899, ntchito yake yoyamba inali kuweta nkhosa. Ine nkhosa ndilibe, koma ndinati palibe kanthu. Boerboel ndi galu wa m'mafamu a ku South Africa, ndipo wamwamuna amatha kupitirira makilogalamu 60, kutanthauza kuti ine nditavala jekete ndi nsapato zomwe. Rottweiler kwawo ndi m'tauni ya Rottweil, komwe makolo ake ankakusa ng'ombe ndi kukoka ngolo za ogulitsa nyama. Mzere umenewu ndinauwerenga mosangalala, osafunsa kuti galu amene mtundu wake unakulira pa butchala adzati chiyani akaona madeya.

Kagaluko tinakatcha Danger. Tsiku loyamba ndinakaphikira phala la madeya, n'kuwazamo fumbi la bonya. Kananunkhiza, kenako n'kukagona pakhomo la khitchini, pomwe mayi akunyumba ankakazinga mazira. Chakudya cha agalu cham'matumba chija, chambiri chimachokera kunja, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ine ndimangochipatsa moni pa shelefu. Choncho madzulo aliwonse ndimapezeka kwa wogulitsa nyama pamsika, mawu otsitsa: "Madala, mafupa a galu alipo?" Iye amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwonjezera kamnofu mwachifundo. Akuganiza kuti galuyo ndi ine. Sakulakwitsa kwenikweni, chifukwa mafupawo akafika kunyumba amayamba alowa mumphika wa banja, msuzi woyamba ndi wathu, Danger amalandira apilo.

Ndiye pali nkhupakupa, njoka zam'mimba ndi katemera. Kuli matenda otchedwa parvo, amene amagwira tiana ta agalu: timasanza, timatsegula m'mimba zamagazi, pakangopita masiku ochepa khola lonse latha. Katemera wake amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, wachiwewe kakakwanitsa miyezi itatu. Wachiwewe uyu musachite naye masewera, chifukwa munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za matendawa, kuchira kulibe. N'chifukwa chake dziko lonse lapansi limakumbukira za chiwewe pa 28 September, ndipo muno mu Lilongwe bungwe la LSPCA, lomwe linayamba mu 2008, limatemera agalu m'madera. Lero khadi la katemera la Danger ndi lodzaza kuposa buku langa lakuchipatala.

Danger atakula n'kufika pa nyengo yake, ndinapita kwa bwana wina wa chigalu chachimuna chamtundu. Iye anati mbewu si yaulere: ndilipire, kapena asankhe yekha kagalu kabwino koposa pa tonse tobadwa. Ndili pakalikiliki kusonkha ndalamazo, Azaona, galu wa aneba, wachikuda, nthiti zowerengeka, makutu odyedwa ndi ntchentche, anapeza mpata pansi pa mpanda wanga waudzu. Sanafunsire mbeta, sanalipire kalikonse. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo nthawi yonseyo ndinkapemphera kuti magazi a ku Germany apambane. Tiana titabadwa n'kuyamba kuyenda, michira yonse inapindikira kumwamba. Aneba anabwera kudzaona adzukulu, n'kufunsa ngati mbali yakuchimuna ilandirako kanthu.

Malonda a tiagalu mumzinda muno mumawadziwa. Mnyamata amaima m'mbali mwa msewu, kagalu kali m'mwamba, kuonetsa magalimoto odutsa. Pamenepo kagalu kalikonse ndi German Shepherd, ngakhale kobadwira kuseri kwa chigayo ku Mgona. Umakadyetsa kaye kuti mimba itukuke, kenako umatambasula kaphazi: "Onani mapaziwa bwana, aka kakakula ndi ng'ombe." Bwana amatsitsa galasi pang'ono n'kufunsa funso limodzi lokha, "Ndi kolusa?" Yankho lake ndi lakuti, "Dzulo kaluma landilodi." A LSPCA akhala akuletsa anthu kugula tiagalu ta mumsewu, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo ngakhale akundiphera msika. Tambiri timakhala tolandidwa kwa mayi wake tisanasiye kuyamwa, topanda katemera, totha tsiku lonse padzuwa popanda madzi. Wogula amasangalala Loweruka, Lachitatu akukumba dzenje.

Nkhani yolusayi ndi imene ili ndi akatswiri ambiri. Pabawo aliyense ndi dokotala. Wina anati ndizithira tsabola wa kambuzi m'chakudya. Wina anati kachamba pang'ono. Wachitatu anati ndimutsekere mumdima masana onse, asaone munthu, kuti usiku azituluka ali ndi mkwiyo. Nditafotokozera dokotala weniweni wa ziweto nzeru zimenezi, anavula magalasi. "Bambo, galu wotero sasiyanitsa wakuba ndi mwana wanu. Khalidwe limachokera kwa makolo ake ndi m'mene mwamulerera." Ndipo taganizani za kuno kwathu, komwe pakhomo pako ndi njira ya ana opita kukatunga madzi, ya amayi ogulitsa mandasi ndi ya woledzera amene wasokoneza nyumba. Chigalu cha makilogalamu 60 chikadula unyolo pamalo otere, mlandu wake ukuthera kwa amfumu ndi kupolisi, ndipo phindu la tiagalu tonse silingalipire bala limodzi. Galu wothandiza kuno ndi wodziwa anthu apakhomo, wouwa msanga akamva phazi lachilendo. Ntchito imeneyi, ndikunena mopweteka mtima, amaigwira bwino ndi Azaona, amene amadya mkute basi.

Koma chimene chandithetsa tulo ndi china. Akuba a masiku ano saopa chigalu, amangoponya nyama yothira tameki. Ena safuna n'komwe wailesi yanga yomangidwa ndi mphira. Anawerengetsera n'kupeza kuti katundu wodula kwambiri panyumba pano ndi Danger yemweyo. Choncho usiku ine ndimakhala pawindo ndi chibonga, tochi ili m'manja, kuonetsetsa kuti chitetezo changa chisabedwe. Danger amagona chagada, miyendo m'mwamba, mkonono mpaka kwa aneba. Anyamata a nebahudu akamadutsa amafuula, "Madala, shifiti ikuyenda bwanji?" Mayi akunyumba akuti bola ndikanangolembedwa ulonda ku 47, bwenzi ngongole ya gulu itachepako.

Inu amene mukufuna galu, musagule musanaone khadi la katemera, ndipo muumirire kuona mayi ndi bambo ake ndi maso anu. Kwa ine kwatsala tiwiri, totemera kale, mtengo tikambirana. Mayi ake mudzamupeza pakhonde. Bambo ake mukafunse kwa aneba.