Duwa Limene Linasanduka Nkhanu

Ndiulule lero, popeza utoto watha ndipo bambo a kwathu ayambiranso kupatsa anthu moni wapadzanja.

Zinayamba pa Idi. Aneba athu, mayi wachisilamu wa ku Mangochi, anabwera ndi mbale ya mpunga monga amachitira chaka chilichonse mwezi wa Ramadani ukatha. Ine maso sanali pampungapo. Anali pa manja awo: maluwa, timasamba, timadontho toyenda m'zala mpaka kumkono, zofiira moderako ngati njerwa yopsa bwino. Anati ndi hina, amwenye amati mehndi, ndipo wawajambula ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2. Mumtima ndinati, kamwana ka Fomu 2? Nanga ine amene ndimalemba mayina pa makeke a anthu?

Chilungamo chake, anandiuza zonse. Ufa wa masamba a hina uusefe kawiri. Uusakanize ndi madzi a mandimu, shuga pang'ono ndi timadontho ta mafuta a bulugamu, ndiye uvundikire phalalo ligone usiku wonse kuti utoto utuluke. Ndipo wophunzira amayamba papepala, mizere ndi madontho basi. Ndinkangoti "eya, eya" ngati munthu amene akumva.

Ufa ndinakagula ku Limbe Loweruka m'mawa. Chimodzi chokha ndinamvera: ndinakana hina wakuda amene amagwira msanga. Aneba anali atandichenjeza kuti mumakhala PPD, mankhwala odetsera tsitsi, amene amawotcha khungu mpaka matuza, ndiponso kuti hina weniweni sakhala wakuda bii. Zina zonse ndinazitaya panjira. Kusefa ndinaona ngati kutaya nthawi, kugoneka phala ndinati n'kwa anthu opanda chochita. Pofika 2 koloko ndinali nditakulunga kale kapulasitiki monga amakulungira mtedza wokazinga, n'kuthiramo phala langa lamibulu.

Ndinayamba pa dzanja langa lamanzere. Kukamwa kwa kapulasitiki kunatsekeka ndi kachitsotso. Ndinafinya, osatuluka kanthu. Ndinafinyanso ndi mphamvu zonse, phala lonse la m'kapulasitikimo phwii! Chimene chinagwa pachikhatho panga aliyense woweta nkhuku akuchidziwa dzina. Ndinachiyala ndi singano uku ndi uku, n'kudzinamiza kuti ndi dzuwa.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira mawu ena a aneba, oti phala likhale pakhungu maola osachepera 4 osakhudza madzi. Nthawi n'kuti ikuthamangira 5 koloko, madzi a nsima ali pamoto. Ndani anavundulapo nsima ndi dzanja limodzi? Mthiko anagwira ndi mnyamata wanga wa zaka 12, ine nditakweza dzanja m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Nsima yake inali ndi mibulu kuposa phala langa.

Wina akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti vuto n'kudzijambula wekha. Bambo anali pampando akumvera wailesi.

"Bambo, tandibwerekani dzanja pang'ono."

"Kodi zimachoka zimenezo, mayi?"

"Mawa lomweli, ndi sopo."

Anapereka lamanja. Ndinatenga phala lotsala n'kujambula duwa pakati pachikhatho, tinthambi tikupita m'zala. Kamwana kathu kotsiriza kanasuzumira n'kunena kuti, "Amayi, nkhanu yanu yakongola." Bambo anagona nalo phalalo mpaka kucha.

Chimene sindinadziwe n'chakuti pofika usikuwo phala linali litagona maola 6 m'khitchini motentha, utoto utatuluka ndithu. Kwa ine, amene ndinapaka lili laliwisi, kunangotsala kachikasu kozimiririka. Kwa bambo linagwira zenizeni. Lamlungu m'mawa titapala, nkhanu inali yamtundu wa lalanje, ine n'kumati, "Mwaona? Yayamba kale kuchoka." Pofika Lolemba inali itapsa ngati njerwa ya aneba ija. Hina amatero: amaderaderabe kwa masiku awiri akamapitidwa mphepo. Utoto wake, umene asayansi amautcha lawsone, umamatirira ku keratin wa pakhungu, ndipo pachikhatho pamene khungu n'lokhuthala m'pamene umalowa kwambiri. Sopo alibe nawo mphamvu. Tinayesa mandimu, phulusa, ngakhale mwala wotsukira mapazi. Umachoka pokhapokha khungu lapamwamba likamasupuka lokha.

Lachiwiri kunagwa maliro kumudzi kwawo kwa bambo. Inu mukudziwa kuti pamaliro munthu sungapatse moni akuluakulu dzanja lili m'thumba. Bambo anazungulira bwalo lonse, aliyense akugwira dzanja lija n'kulitembenuza. Madzulo azakhali awo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Apongozi, kodi kondaine wa masiku ano mumachita kulemba padzanja?"

Ndinafotokoza za masamba, mandimu ndi shuga. Nditatchula masamba anangogwedeza mutu ngati ndavomera mlandu.

Nkhanu ija inakhala masiku 17. Panopa Loweruka lililonse ndimakhala pakhonde la aneba ndi kope lakale la masamu, ufa wosefa kawiri, phala logona usiku wonse. Mphunzitsi wanga ndi kamwana ka Fomu 2 kaja, ndipo kalibe chisoni: "Amayi, mzere uwu wakhota, yambiraninso." Ino ndi sabata yachitatu, maluwa sanandilolebe. Bambo akamamvera wailesi masiku ano, manja amachita kuwakhalira.