Ngati msika ndi umodzi, tikuimiranji pachipata?

Akuti Africa yonse tsopano ndi msika umodzi. Ine sindine katswiri wa zachuma, ndine munthu wongofuna kumvetsa, ndiye ndiloleni ndifunse momwe ndikuonera, odziwa andithandize.

Zomwe ndatolapo ndi izi. Pa 21 Malichi 2018 mayiko 44 anasayinira mgwirizano ku Kigali, m'dziko la Rwanda, woti katundu aziyenda m'Africa muno popanda msonkho wa pachipata. Amautchula kuti AfCFTA. Likulu lake lili ku Accra, ku Ghana, ndipo mlembi wamkulu ndi a Wamkele Mene a ku South Africa. Pofika pano mayiko 54 mwa 55 anasayina, wotsala ndi Eritrea yekha. Malonda anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021, ndipo Malawi anapereka chivomerezo chake chaka chomwecho.

Msika womwe ine ndimaudziwa ndi ngati wa pa Lizulu ku Ntcheu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Mayi amadumpha msewu ndi dengu la kachewere pamutu, kugulitsa, kumanga ndalama pansonga ya chitenje, n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Katundu wayenda, mwini wake wayenda, ndalama nayo yabwera kunyumba. Kodi msika waukuluwu uli choncho?

Ndiyambe ndi mwini katundu. Tsiku lomwe lija ku Kigali kunalinso chikalata china, chonena kuti nzika ya Africa izilowa m'dziko lililonse la Africa mosavuta. Kuti chigwire ntchito pamafunika mayiko 15 achivomereze, koma kwa zaka zingapo omwe anachivomereza anali anayi okha: Mali, Niger, Rwanda ndi São Tomé and Príncipe. Nanga katunduyo aziyenda yekha? Ndani akasake wogula, akaone sitolo, akalonjerere ngongole? Rwanda, Benin, Gambia ndi Seychelles anatsegula makomo awo kwa anthu onse a mu Africa, ndipo sanagwe nazo m'mavuto. Enawo akuopa chiyani?

Kenako ndalama. Wamalonda wa ku Limbe akafuna kuoda katundu ku Lusaka, amayamba wasaka madola. Dola ndi ya ku America, ndipo malipiro otere nthawi zambiri amadutsira kumabanki a kutsidya kwa nyanja asanafike kwa mnansi wathu. Chifukwa chiyani? Mu Januwale 2022 banki ya Afreximbank inakhazikitsa njira yotchedwa PAPSS, yoti wogula azilipira m'ndalama ya kwawo, wogulitsa n'kulandira m'ndalama ya kwawonso. Ndinakondwa nditamva. Koma pali chomwe chikundisowetsa mtendere: ngati a ku Zambia atigulitsa zambiri kuposa zomwe ife tawagulitsa, chotsalacho tidzalipira ndi chiyani? Kwacha yathu akaigwiritsa ntchito yanji ku Lusaka? Si madola omwewo adzafunikenso? Ndipo woyendetsa kampani yemwe anatumiza katundu kuno pangongole mu Okutobala 2023, n'kuona kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mwezi wotsatira, adzabweranso chifukwa choti msonkho wachotsedwa?

Funso lomwe landizunguza kwambiri ndi la kwawo kwa katundu. Msonkho amachotsera katundu wopangidwa m'Africa yekha, ndipo pamafunika chikalata chotsimikiza zimenezo. Zimveka ndithu, chifukwa popanda lamulo lotere munthu akhoza kuoda mafoni ku China, n'kuwatsitsira ku Beira, n'kumati ndi a ku Mozambique. Koma taganizirani telala wa ku Mzuzu. Nsalu wagula ya ku China, ulusi wa ku India, zipi ndi mabatani sakudziwa n'komwe kwawo. Iye wayeza, wadula, wapalasa mashini usiku wonse, wasita, malaya atuluka. Malayawo ndi a ku Malawi kapena ayi? Ena amati kusokako n'kokwanira. Ena amati ayi, nsalunso ikhale yolukidwa m'Africa muno, kuti alimi a thonje ndi mafakitale oluka nsalu apindule nawo. Mbali zonse ziwiri ndikuzimva. Mlimi wa thonje wa ku Chikwawa akufuna lamulo lolimba, telala wa ku Mzuzu akufuna lofewa, ndipo onsewo ndi Amalawi. Yemwe amatiimira pazokambiranazo amalankhulira uti? N'zosadabwitsa kuti nkhani ya zovala ndi ya galimoto ndi zina mwa zomwe zinakanirira zaka zambiri pomwe za katundu wina anali atagwirizana kale.

Msonkhowo sukuchoka wonse. Mwa mitundu 100 iliyonse ya katundu, 90 ichotsedwa msonkho pang'onopang'ono, m'zaka zisanu kwa mayiko olemererapo ndi zaka khumi kwa osauka ngati ife. Mitundu 7 idikira nthawi yotalikirapo, ndipo 3 dziko likhoza kuiteteza osachotsa msonkho konse. Itatuyo ikuoneka yochepa. Nanga bwanji aliyense akasankha kuteteza shuga, chimanga ndi mafuta ophikira, zomwezo zomwe tonse timalima ndi kuyenga? Ndipo ndalama zomwe MRA imatolera pachipata, zomwe zimathandiza kugula mankhwala ndi kulipira aphunzitsi, zidzachokera kuti?

Chinanso chimandiwawa mumtima. Nigeria inasayina mgwirizanowu mu Julayi 2019. Mwezi wotsatira inatseka malire ake a pamtunda pofuna kuletsa mpunga wozembetsa, ndipo sinatsegule mpaka Disembala 2020. Tisapite patali. Mu Malichi 2025 Malawi analetsa katundu wina wakunja, kuphatikizapo zakudya, ponena kuti akuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja. Mu Epulo Tanzania inabwezera, kuletsa zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa, n'kuopsezanso za feteleza wathu yemwe amadzera padoko la Dar es Salaam. Chiletso cha Tanzania sichinakhalitse, anachichotsa patangopita masiku ochepa, koma nthochi ndi tomato sizidikira kuti nduna zikambirane. Mayi yemwe mpamba wake unawolera pa Songwe akadandaule kwa yani? Malawi, Tanzania ndi South Africa onse ali mu SADC, yomwe inatsegula malonda opanda msonkho mu 2008. Ngati pangano la pakati pa anansi limathyoka chonchi, la mayiko 54 lidzagwidwa ndi ndani?

Tsono za makampani. First Capital Bank inayambira ku Blantyre mu 1995 ndi dzina loti First Merchant Bank, ndipo lero ili ku Malawi, Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Ndimanyadira. Koma m'dziko lililonse imafunika chilolezo chakechake, kuyang'aniridwa ndi banki yaikulu ya kumeneko, kulipira misonkho ya kumeneko ndi kusunga mabuku m'ndalama ya kumeneko. Kampani yomwe imasunga nthambi zonsezo inalembetsedwa ku Mauritius. Bwanji osati ku Blantyre komwe inabadwira? Ku Mauritius kuli chiyani chomwe ife sitingapange? Kumbali ina, Shoprite, kampani yaikulu ya masitolo ya ku South Africa, inachoka ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Uganda m'zaka zomwezo zomwe msika umodziwu umatsegulidwa. Ngati wamphamvu chotero akubwerera kwawo, wang'ono wa ku Kanengo alimbe mtima ndi chiyani?

Ku Ulaya msika wawo umodzi unayamba pa 1 Januwale 1993. Kumeneko banki yololedwa m'dziko limodzi imatsegula nthambi m'mayiko enawo ndi chilolezo chomwecho, ndipo katundu wovomerezeka m'dziko limodzi kawirikawiri amagulitsidwa konseko. Nanga ife? Mtedza wa ku Mchinji ukayezedwa ndi Malawi Bureau of Standards n'kupezeka wopanda chuku, a ku Kenya adzakhulupirira chikalatacho, kapena adzauyezanso thiraki itaima? Ndikudziwa kuti a ku Ulaya zinawatengera zaka zoposa makumi atatu kuchokera pamgwirizano wawo wa ku Rome wa mu 1957. Kodi nafe tidikire zotero?

Zabwino zilipo, sindikufuna kuzibisa. Pa Mchinji ndi Mwami, m'malire a Malawi ndi Zambia, anatsegula chipata chimodzi mu Disembala 2022, choti mapepala a mayiko onse awiri azitha pamalo amodzi. COMESA ili ndi njira yofupikitsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono omwe katundu wawo sapitirira madola 2,000. Zimenezi ndi zogwirika, ndipo ndikadakonda zitachuluka. Komabe amayi angati a geni anauzidwa kuti njirayi ilipo, pomwe ambiri akudzerabe njira zam'tchire?

Ine msikawu ndikuufuna. Katundu yemwe mayiko a Africa amagulitsana okhaokha sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a malonda awo onse, pomwe ku Ulaya amapitirira theka, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Koma zipata zikadzatsegukadi, ife tidzanyamula chiyani? Pansi pa mgwirizanowu, Kenya inatumiza mabatire a galimoto ndi tiyi ku Ghana mu 2022. South Africa inatumiza katundu wake woyamba kuchokera padoko la Durban mu Januwale 2024. Ife tili ndi fodya, tiyi, shuga, soya ndi nandolo, ndipo wogula nandolo wamkulu ali ku India. Mnyamata yemwe akufuna kuyenga soya kukhala mafuta, magetsi akuthimathima, chiwongoladzanja cha banki yaikulu chitafika 26 pa 100 iliyonse mu 2024, apikisana bwanji ndi fakitale ya ku Cairo kapena ya ku Johannesburg? Zaka khumi zochotsera msonkho zija zinayamba kuwerengedwa mu 2021. Pa zomwe zatsalazi, ndani akumukonzekeretsa mnyamatayo?