Sitepula ya $250,000

Pa 5 June 2025, kampani ya ku Japan ya Nintendo inatulutsa makina ake atsopano osewerera magemu, Switch 2, pamtengo wa $449.99 ku America. M'masiku anayi okha inagulitsa makina opitirira 3.5 miliyoni. Koma chimene chinawalanda makinawo mbiri sabata imeneyo ndi sitepula.

Pasitolo ina ya GameStop ku Staten Island, mumzinda wa New York, anthu anachezera pamzere kudikira kuti pakati pausiku pakwane, agule makinawo. Wogulitsa wina, munthu wadongosolo ndithu, pofuna kuti malisiti asasochere, ankawakhomerera pabokosi ndi sitepula. Tsoka ilo, Nintendo imalongedza makinawo sikirini itayang'ana kumwamba, pansi penipeni pa chivindikiro. Timawaya ta sitepulayo tinaboola katoni n'kukalasa galasi. Ogula atafika kunyumba, tulo tili m'maso, anapeza timabowo pasikirini yomwe chala chawo chinali chisanaikhudze n'komwe.

GameStop inawasinthira makinawo. Kampani ina ikanaponya sitepulayo kuseri kwa kabati, nkhani n'kufera pomwepo. Koma GameStop inaiika pamsika wa eBay mu July, pamodzi ndi kawaya kolakwako, n'kunena kuti ndalama zipita ku zipatala za ana za Children's Miracle Network Hospitals. Munthu wina analipira $250,000, ndalama zokwanira kugula ma Switch 2 opitirira 550 pamtengo wa nthawiyo.

Ogula aja atayatsa makina osabooka anapeza kuti pulogalamu yowaonetsa mmene makinawo amagwirira ntchito, Welcome Tour, Nintendo imaigulitsa payokha pa $9.99.