Womanga khitchini ayambe waphikamo

Pali lamulo limodzi limene aphungu athu sanalibweretsepo ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: ambiri mwa iwo ndi amuna ngati ine ndemwe. Lamulolo likanati mwamuna aliyense amene wamanga khitchini, kapena waika mbaula m'nyumba, ayambe waphikamo yekha nyemba zouma mpaka zitapsa, asanaitane mayi a kunyumba kuti adzalandire ntchito ya manja ake. Ndikunena nyemba mwadala, osati therere limene limapsa munthu usanatsokomole n'komwe. Ndikulankhula m'malo mwa chipani chathu chachikulu, cha amuna amene timadziwa chilichonse chokhudza moto kupatula kuusonkha. Tingakuuzeni nkhuni yabwino ndi iti pakati pa tsanya ndi mango, tingakuuzeni thumba la makala lakwera bwanji kuchokera dzana, koma mutatipatsa machesi ndi chikuni chonyowa, banja lonse lingagone ndi njala ife tikufotokozabe kuti vuto ndi mphepo.

Taonani mmene timamangira khitchini kuno ku Mwanza, kuyambira ku Thambani mpaka ku Kunenekude. Nyumba yogona timaimanga ndi mtima wonse, ndi chingwe, ndi mawindo awiri kutsogolo kuti odutsa aone kuti pamudzi pano panabwera mkamwini wanzeru. Khitchini timaimanga ndi zotsala: njerwa zoduka, mitengo yokhota imene inakanidwa pa denga lalikulu, ndi mphamvu zotsala za Loweruka madzulo. Imatuluka yaifupi, khomo lake lolowa chowerama, zenera ayi. Pakatha chaka chimodzi phaso lili bii, mwaye ukulendewera ku udzu, ndipo pansi pake pali mayi wagwada, mwana ali kumbuyo, akupemerera moto ndi chivundikiro cha poto uku akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Nthawi imeneyo katswiri wa zomangamanga uja ali pansi pa mtengo wa nachesi, mpweya wabwino ukumuwomba mbali zonse, akutakata bawo ndi kufuula kuti, "Amake mwana, kodi chimanga cha nsimayo mukuchita kudzala kumene?"

Nkhaniyi si ya mabanja ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unathandizira kupha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse m'chaka cha 2020 chokha, kudzera m'chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Ife a ku Mwanza tili ndi mwayi wapadera woonerera chilichonse choyaka chikudutsa. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'boma lathu kupita ku Nacala. Matanki a mafuta amalowera pa Zobue n'kutisiya tikugwedeza manja. Mzere wa nsanamira za magetsi ochokera ku Matambo kupita ku Phombeya wadutsa pamwamba pa minda yathu. Ngakhale makala athu enieni amakwera njinga, kutsetsereka msewu wa ku Zalewa kukaphikira anthu a ku Blantyre. Chimene chimatsalira kwathu ndi mafuwa atatu ndi chifuwa.

Wina anena kuti yankho linabwera kale, ndipo n'zoona kuti mbali ina linabwera. Mu 2013 boma la mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja 2 miliyoni adzakhale ndi mbaula zosamala nkhuni, ndipo Chitetezo Mbaula, ya dongo lootcha ija, inafika m'midzi yambiri. Ndi chipangizo chabwino: moto umakhala m'kati, mphepo siumwaza, kutentha kumapita kunsi kwa poto m'malo mopita ku miyendo ya wophika, ndipo imadya ngakhale zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Mwamuna wa chipani chathu akaigula amayenda nayo pamsika ponse kuti anthu aione, kenaka n'kukaiika m'phanga lomwe lija lopanda zenera, n'kulengeza kuti nkhani ya utsi yatha pakhomo pano. Koma kwa anansi athu a ku Chikwawa, pamodzi ndi ku Karonga, kunachitika kafukufuku wamkulu wa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, amene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet kumapeto kwa 2016. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zapamwamba kuposa ya dongo, zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto koyendera mphamvu ya dzuwa. Ana opsa ndi moto anachepa, koma chibayo sichinachepe. Mbaulazo zinkawonongeka kawirikawiri, mafuwa sanachoke pakhomo, ndipo ana ankapumabe utsi wina, monga wa zinyalala zootchedwa kuseri kwa nyumba. Choncho kugula mbaula ndi chiyambi chabe. Utsi suwerenga dzina la mbaula, umangofuna potulukira.

M'mayiko ozizira monga England, munthu akafuna kuika bokosi lachitsulo lootherapo moto m'nyumba, malamulo a zomangamanga amamuuza zoti achite: paipi yotulutsa utsi iyende m'chumuni mpaka pamwamba, mpweya ukhale ndi polowera, pansi pakhale chinthu chosapsa, ndipo pakhoma pakhale kabelu kolira mpweya woipa ukachuluka. Ife kabelu tilibe, kabelu kathu ndi mwana akayamba kutsokomola, koma nzeru yake ndi yomweyo ndipo siifuna ndalama zambiri. Moto umafuna makomo awiri, lina lammunsi lolowera mpweya, lina lammwamba, chapafupi ndi denga, lotulukira utsi, ndipo zimayenda bwino makomowo akakhala m'makoma osiyana kuti mphepo idutse. Mbaula ikhale pamalo osalala, poti poto wa phala asapendekeke, kutali ndi khomo pamene ana amathamangira, ndiponso kutali ndi mulu wa nkhuni ndi chigubu cha parafini. Amene wamanga mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni aonetsetse kuti chumunicho chapitirira nsonga ya denga. Apa ndi pamene chipani chathu chimaonetsa luso lake lonse: paipi ikaperewera, timaisiyira pansi pa khonde n'kunena kuti utsi ndi wamkulu, njira uipeza wokha. Umaipezadi, kubwerera m'nyumba kudzera pamwamba pa khoma. Paipi yachitsulo isakhudze phaso kapena udzu, chifukwa imatentha kokwanira kuyatsa denga pang'onopang'ono anthu ali m'tulo, ndipo mwaye wa m'chumuni uzichotsedwa, popeza ukaunjikana umatseka njira ndipo umatha kugwira moto wokha. Nkhuni zikhale zouma. Chikuni chachiwisi chimayamba chawononga moto pophwetsa madzi ake, n'chifukwa chake chimalira thovu kumapeto uku chikufuka, ndipo amene anachidula dzulo lomweli n'kuchiponya pakhomo monyadira ndi yemwe uja wa pa bawo.

Ikafika Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'mapiri, amuna timakumbukira mwadzidzidzi kuti moto ndi wathu tonse. Pamenepo ndi pamene timapanga chiganizo choopsa kuposa zonse, chonyamula mbaula ya makala kulowa nayo kuchipinda, kutseka chitseko, n'kutsekanso mpata wa pansi pake ndi chiguduli kuti kutentha kusathawe. Timadzilimbitsa mtima kuti makala akayaka psuu safuka. Safukadi utsi wooneka, koma amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Umayamba ndi litsipa, chizungulire, nseru ndi tulo tokoma, ndiye munthu amene ali kale pamphasa saona chachilendo. Ena amadzuka mutu ukuphwanya n'kuyamba kuwerenga achibale amene sakondwa ndi malata awo atsopano. Ena sadzuka, ndipo pamaliro pamamveka manong'onong'o akuti imfa imeneyi si yabwinobwino. Mbaula ya makala iotheredwe pamalo podutsa mphepo, ndipo ituluke panja anthu asanagone. Wina akapezeka wafooka m'chipinda choterocho, atulutsidwe panja msanga, zitseko zitsegulidwe, n'kuthamangira naye kuchipatala, osayamba kaye ndi kufunsa amene anadutsa pakhomo usiku.

Ndikudziwa zimene anzanga ayankhe, chifukwa mayankhowo ndimawamva mumtima mwanga momwe. Loyamba n'lakuti utsi uli ndi ntchito: umateteza chimanga cha mbewu chimene timapachika pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiboole, umalimbitsa udzu, umathamangitsa udzudzu. Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo makolo athu sanali opusa. Koma taganizirani bwino zimene tikuvomereza pamenepa. Tikuti utsiwo ndi woopsa moti kachilombo kamene kamaboola njere youma gwa kamauthawa, komabe tikuona kuti ndi woyenera khanda la miyezi itatu. Chimanga chingapachikidwe pafupi ndi potulukira utsi n'kumalandirabe gawo lake, ndipo za udzudzu zili ndi neti, imene mwina tinaitchingira dimba la tomato. Lachiwiri n'lakuti agogo anaphikira pa mafuwa moyo wawo wonse ndipo anafika zaka 90. Agogo amenewo timawatchula chifukwa ndi amene anatsala. Anzawo amene anapita ndi chifuwa ali ndi zaka 40 sabwera pa bawo kudzapereka umboni. Komanso agogo ankaphika kwambiri panja kapena m'chisakasa chopita mphepo. Khitchini ya njerwa yotsekeka mbali zonse ndi chitukuko chathu ife, ana a sukulu.

Ena ati lamulo langali lipasula mabanja, chifukwa mwamuna wophika pamudzi pa eni ake amasekedwa kuti anadyetsedwa. Ine ndikuona kuti kusekedwa tsiku limodzi n'kotsika mtengo kuposa kabaza wopita kuchipatala cha boma pakati pa usiku. Ndipo wolondera lamuloli sasowa, safunanso malipiro: apongozi aakazi angakhale pa mpando panja, chitseko atachigwira ndi phazi, n'kumafunsa mwaulemu kuti, "Zikuyenda m'menemo, bambo?" Palibe mkamwini amene angatuluke m'menemo osapempha nyundo yoboolera zenera.

Chotsutsa chimene chimatsala, chimene amuna timachinena ndi nkhope yoopsa ngati nduna ya chitetezo, ndi cha akuba. Zenera la khitchini, akuti, ndi khomo la mbava. Komatu palibe amene wapempha windo la galasi la ku Blantyre. Kuchotsa njerwa zingapo m'mizere ya pamwamba, modumphadumpha, ndi zina ziwiri mmunsi kumbali inayo, n'kokwanira kuti utsi uyambe kuyenda, ndipo woopa makoswe ndi njoka angatchingepo ndi kawaya ka sefa. M'khitchini zathu zambiri chuma chimene tikulondera ndi mthiko, chipande ndi mchere wa m'kabotolo. Wakuba amene angadzipinde mpaka kudutsa pabowo la njerwa imodzi chifukwa cha mthiko, ameneyo njala yamufika pena, mpatseni ndi ufa womwe.