Walira Kapinga, Walira Dawe

Akuluakulu anati walira mvula, walira matope. Iwo ankanena mvula yakumwamba, imene imadza m'nyengo yake n'kupita. Ife a m'tauni tinapeza mvula ina, ya m'paipi, yogwa m'mawa ndi madzulo ngakhale mu Okutobala, ndipo mwezi ukatha imabwera ndi bilu. Cholinga n'choti kapinga wapabwalo abiriwire mpaka aneba asowe tulo. Tsono matope athu ife ndi dawe.

Loweruka mnyamata watchetcha bwinobwino, pabwalo pali see! Pofika Lachiwiri timasamba tonyezimira tasuzumira kale pamwamba pa kapinga. Bwana amvekere, “Iwe, unkatchetcha utatsinzina?” Mnyamatayo alibe mlandu. Dawe amakula msanga kuposa kapinga, ndipo sali pachibale chenicheni ndi udzu. Potokolani tsinde lake pakati pa zala, mumva makona atatu, pomwe la udzu ndi lobulungira.

Mlendoyu musamuderere, ndi wodziwika kunja. Mu 1977 LeRoy Holm ndi anzake anatulutsa buku lotchedwa The World's Worst Weeds, ndipo dawe wa ngala zofiirira, Cyperus rotundus, ndiye anakhala nambala wani, atapezeka akusautsa mbewu za mitundu 52 m'mayiko 92. Ndiye inu mukufuna kumugonjetsa ndi chikwakwa chobwereka?

Chuma chake amasunga pansi. Kumeneko kuli timbatata tolumikizana ndi mizu yopyapyala, tambiri tili mtulo. Mukakwiya n'kubwera ndi khasu, mumadula mizu ija, togona tija n'kudzuka, kalikonse n'kuyamba banja lake. Dawe ali ngati ngongole ya katapila: mukalipirako pang'ono lero, mawa mupeza yabereka.

Nanga anafika bwanji kumpanda kuli geti ndi mlonda? Munamulipirira nokha thiransipoti. Anakwera lole ya dothi lakudambo limene munagula kuti maluwa akondwe, kapena anabisala m'manyowa. Atafika anapeza paipi yodontha, nthaka yosauma, dzuwa la tsiku lonse. Ndani angachoke pamalo potero?

Kuti asamuke, yambani mwamumana zimene amakonda. Konzani paipi ija, ndipo muzithirira mokwanira koma mwa apo ndi apo, osati tsiku lililonse. Kapinga musamumete mpala, msiyeni athithikane. M'mabedi a ndiwo zulani dawe asanafike masamba 5 kapena 6, chifukwa akapitirira pamenepo amayamba kuika timbatata tatsopano. Bwerezani pakatha masabata awiri kapena atatu mpaka nkhokwe yake yapansi ithe. M'chilimwe tipulani nthaka kuti timbatata tibwere pamtunda. Tambiri timakhala m'masentimita 15 apamwamba, ndipo tikauma ndi dzuwa timafa. Dawe amadananso ndi mthunzi, choncho mbatata, maungu kapena kalongonda zikayanga zimamufooketsa. Pulasitiki yakuda yokha musaidalire, amaiboola ndi nsonga yake n'kutuluka akumwetulira.

Okonda njira yachidule amathamangira glyphosate, koma ameneyo sasankha: kapinga amapsa yense, kenako dawe n'kuphukanso pabwalo loyera, wopanda wopikisana naye. Mankhwala a halosulfuron amasiya mitundu yambiri ya kapinga, komabe nawonso amafuna kubwereza ndi kutsatira malangizo a pabotolo.

Mwina mumvako kuti ku Valencia, m'dziko la Spain, alimi amachita kulima dala mbale wake wa ngala zachikasu, Cyperus esculentus, n'kupanga chakumwa chokoma chotchedwa horchata, ndiponso kuti kumpoto kwa Nigeria timbatata take amatigulitsa pamsika. Musanayambe kuwerengera phindu la pabwalo panu, yang'anani kaye ngala. Ngati ndi wofiirira uja, timbatata take n'towawa. Ngakhale mutati mumudye pobwezera, sakoma.