Chiperoni chikatsikira pa Lirangwe

Ku Minnesota, ku America, kumazizira mpaka nyanja kuuma gwa. N'chifukwa chake mu 1956 anamangako Southdale, msika wofolera mbali zonse, kuti ogula asamaume zala. Masiku ano Aamereka omwewo ayambanso kumanga misika ya pamtetete, ati anthu aziyenda panja, azikumana, azicheza. Nditawauza zimenezi madala a pabawo pa Lirangwe, mmodzi sanadzutse n'komwe mutu. Anangotakata nkhomo zake n'kuti, "Ndiye kuti akubera nzeru zathu? Atilipire."

*

Kwathu kuno n'kotentha, asakunamizeni munthu. Ukangodutsa pa Lunzu mumsewu wa M1 kulowera ku Zalewa, thukuta limayamba lokha. Koma mu Juni ndi Julaye chiperoni chikawomba kuchokera ku Mozambique, anyamata a kaunjika amadula mabelo a zikhoto, ndipo misala imayamba.

Mkulu wina anagula chikhoto chaubweya chofika m'maondo, chosokeredwa anthu a kumayiko a chipale. M'mawa ankayenda modzigomera. Dzuwa litafika paliwombo, thukuta linali kamukamu.

"Abambo ake mwana, vulani, mupsatu," anatero akazi awo.

"Ndivule ndalama yanga isanabwerere? Ichi ndidzavula mu Ogasiti."

*

Mnyamata wakabaza analowa m'tiyirumu 6 koloko m'mawa n'kuitanitsa kapu imodzi ya tiyi. Inakwana 7 koloko adakaifumbatira, osapsontha ngakhale kamodzi.

"Achimwene, simukumwa bwanji? Shuga wachepa?"

"Ayi mayi, wakumwa ndilibe ndalama yake. Uyu ndagula wowotha."

*

Pachiwaya ndiye pamene pamagwa nkhani. Kukazizira, amuna asanu ndi mmodzi amazungulira moto, manja tambalale, kukambirana za Bullets ndi Wanderers, za mtengo wa feteleza, za mwana wa uje amene wapita ku Joni. Wogula palibe. Tsiku lina mwini chiwaya anatopa nazo.

"Mabwana, ndikuikireni tchipisi cha zingati?"

"Tikudikira chipse."

"Chapsa kalekale."

"Ndiye tikudikira chizizire."

Ndisabise, mmodzi mwa mabwanawo ndinali ine.

*

Pamphambano yolowera ku Chingale ndinapeza agogo ena atafunda bulangete, atakhala pamwala.

"Agogo, mphepo yonseyi mukudikira minibasi?"

"Ayi mdzukulu wanga, ndikudikira phula lokafika ku Machinga. Analonjeza ndili ndi mano onse."

Anaseka, ndipo ndinawerenga awiri.

*

Mayi wa tomato naye sagonja. Wogula anadandaula kuti mulu wachepa poyerekeza ndi sabata yatha.

"Si ine, bambo, n'chisanuchi. Ngakhale inuyo mwafota."

Mukabwera pa Lirangwe nyengo ya chiperoni, tengani timakobili m'thumba. Mwini chiwaya uja wayamba kulipiritsa owotha moto, ndipo ngongole sakulola.